Foni Yopukusa ya Bambo

Lolemba

Yafika! Foni ya bambo ili pano pakatebulo, yobiriwira, yolemera kuposa mwana wanga Esinati. Yabwera pa minibasi kuchokera kwathu ku Dedza, m'katoni, atayizinga ndi mbatata ya kachewere kuti isagundike m'njira. Ndi foni ija ya m'nyumba mwathu, yopukusa ndi chala. Ikununkhabe kabati ya malemu amayi.

Kalata mulibe. Uthenga wadzera kwa achemwali anga a Rute, amene amakhala ku Lilongwe: "Bambo akuti ulumikize, utumize nambala. Aimba sabata ino, tsiku sananene. Akuti pakapanda woyankha adziwa kuti kumeneko kulibe nyumba."

Zaka zitatu bambo osandilankhula. Mlandu wake ndi woti ndinabwera ku Kande, kunyanja kuno, kudzaphunzitsa n'kukwatiwa konkuno. Kwathu mwamuna ndiye amakamanga kwa mkazi. Kuno a Longwe anandilowola, ine n'kulowa pakhomo pawo. Amalume analola. Bambo anangoti "Chabwino," ndipo chichokereni sindinamvenso mawu awo. Foni ya m'manja sagwira, munthu woti anakalambira ku positi akulumikiza mafoni a anthu. Amati ya m'manja ndi ya oyendayenda, munthu amayankha ali pamsika n'kumanama kuti ali kwawo. Wapakhomo amayankha pakhomo.

Ndiye ine ndiyankha pakhomo. Ndili patchuthi cha uchembere, sindikupita kulikonse. Zochita:

1. Kulumikiza foni ku rauta.
2. Kupukuta katebulo.
3. Kuyeserera "Halo" wa munthu wokhazikika.
4. Kuwauza ndi pakamwa panga kuti mdzukulu wawo ali ndi miyezi itatu, ndipo tinamutcha dzina la amayi.

Rauta tinagula mwezi watha ku Mzuzu, kabokosi koyera ka nyanga ziwiri, simu khadi mkati. Wogulitsa anati kumbuyo kuli kabowo kojambulidwa foni, ukalowetsamo chingwe basi, foni ya m'nyumba yadzuka. Nambala yake ndi ya simuyo, koma poti siyenda, ndi ya pakhomo ndithu. Izi bambo asamve.

Mabowo alipo asanu. Chingwe cha bambo sichikulowa ngakhale limodzi, mutu wake ndi wachikale, waukulu. A Longwe, amene amakonza injini za maboti, audula ndi mpeni n'kulumikiza mutu wina ndi tepi yakuda. Ndalowetsa m'bowo lachikasu. Zii. Lachikasu linzake, zii. Onse anayi achikasu, zii. Kenako ndavala magalasi n'kuona kabowo kotuwa kumapeto, kafoni kojambulidwa pamwamba pake.

Mmmmmmm! Kaphokoso kaja! Ndakhala ndi chomvera kukhutu mpaka mpunga wapserera. Ndikuona chipinda chathu chochezera, makatani a maluwa, amayi akufuula kuchokera kukhitchini kuti wina ayankhe foniyo.

Nambala ndatumiza kwa a Rute. Ndalembanso kuti, "Zonse zili bwino, ikugwira ntchito ngati yatsopano."

Lachiwiri

Ndadzuka, ndasamba, ndavala diresi ya kutchalitchi. A Longwe akuti, "Kodi foniyo ili ndi maso?" Alibe nazo luso izi. Mawu a munthu wovala bwino amamveka.

Ndayesa kupukusa nambala ya a Rute. Gudumu likubwerera pang'onopang'ono, trrrrr, kukoma kwake! Koma rauta siikumva chinenero chimenechi, ikungopitiriza mmmmm wake. Palibe kanthu. Ine sindikufuna kuimba, ndikufuna kuimbiridwa.

Obwera kudzaona foni lero:
- apongozi, kawiri
- anyaMhone a nyumba yoyandikana nayo, amene anyamula chomvera chozondoka n'kunena "Mwe uli?" kumbali yomvera
- amayi awiri ogulitsa mpunga wa ku Limphasa, amene ndimati akudutsa, koma akhala mpaka tiyi

Apongozi akuti chinthu chamtengo sichikhala maliseche. Aphimba rauta ndi kansalu koluka, nyanga zokha zatulukira m'mabowo. Ndathokoza m'Chitonga chawo, "Yewu, ama," ndipo ndasiya choncho.

Masana onse ndikulota ndili maso. Foni ikulira. Ndikuisiya ilire kawiri, kuti asaganize kuti ndimadikira. Bambo akutsokomola kaye monga amachitira. Akufunsa za mvula. Ine ndikufunsa za mbuzi. Kenako Esinati akulira mwaulemu kumbuyoku, iwo akuti, "Ameneyo ndani?" Apa ndiye ndimathera nthawi zonse, sindidziwa mmene nkhope yawo ikhalire.

Folo koloko. Katebulo kakunjenjemera! Tiyi m'kapu akuchita timafunde. Kwa kanthawi, n'kusiya, n'kuyambanso. Iyenera kuti ndi lole ya matabwa kumsewu, ngakhale sindinaimve ikudutsa.

Foni sinalire. Tsiku loyamba lokha ili.

Lachitatu

Maganizo andibwerera ndikuchapa matewera: kodi foniyi inayamba yalirapo m'nyumba muno? Tiyeni tiyese.

Kuno mauthenga amalowa m'nyumba kudzera pa rauta, koma kuimba ndi foni ya m'manja mpaka ukakwere pachulu chakumsewu. Ndakwera. A Longwe aima pakhonde ndi mwana, kuti azindiona komanso azimva za m'nyumba. Ndaimba. Kukhutu kwanga ikuitana bwinobwino, tuu tuu, tuu tuu. Ndikuwakodola ndi dzanja. Iwo akufuula, "Palibe!" Ndaimbanso. "Palibe, mama!" Kachitatu angopukusa mutu, Esinati nayenso ngati akupukusa.

Mayo ine! Ndiye kuti woimba akumva kuti ikuitana, koma m'nyumba muli zii. Bambo akaimba aziti ndikuiyang'ana dala.

Ndaimbira akampani ndili pachulu pomwepo. Nyimbo. Nyimbo ina. Linthumbwi likukwera mwendo. Kenako mtsikana wa mawu okoma: "Amayi, zimitsani rauta, muwerenge mpaka sate, muyatsenso." Ndatsika, ndazimitsa, ndawerenga mpaka fote kuti ndiwonjezere. Ndakweranso. Palibe. Mtsikana wina: "Kodi rauta yanu ikutentha?" Ndatsika. Ikutentha moti ungaumitsepo thewera! Ndachotsa kansalu ka apongozi n'kukabisa pansi pa pilo. Ndakweranso. Palibe. Wachitatu akufunsa mtundu wa foni. Ndamuuza kuti yobiriwira, yopukusa. Akuti, "Yopukusa bwanji, amayi?" Ana a masiku ano.

Akuti ndiyese foni ina ya m'nyumba kuti tione ngati vuto ndi rauta. Foni ina! Kuchokera pano mpaka ku Tukombo, ndani?

Ndi rauta basi. Foni ya bambo sinadwalepo chibadwire changa.

Folo koloko katebulo kanjenjemeranso. Chivomezi! Ndanyamula mwana n'kuthawira panja. AnyaMhone akuanika chinangwa chawo mwamtendere, akuti sanamve kalikonse. Anthu akunyanja anazolowera, nthaka ikagwedezeka amangoti ndi mafunde.

Apongozi apeza rauta ili maliseche. Apita kukaluka kansalu kena.

Lachinayi

Nkhungu, tizilombo touluka ta kunyanja tija! M'mawa tinaziona patali, mtambo wakuda utaima pamwamba pa madzi. Pofika teni koloko mphepo yazikankhira kumtunda ndipo zadzaza paliponse, m'tsitsi, m'tiyi, m'makutu a mwana. Mudzi wonse uli panja ndi malichero onyowetsa, kuzungulizazunguliza m'mwamba, chisangalalo chokhachokha, ndiwo zabwera zokha. Ine ndili m'nyumba kuteteza rauta. Tizilomboti takonda tinyali take tobiriwira ndipo talowa m'timabowo tonse topumira.

Zida:
- nthenga ya nkhuku
- mswachi wa a Longwe (sakudziwa)
- pakamwa, kupemerera

Apongozi asuzumira pakhomo, lichero lili m'manja, akuti kansalu kaja kakanakhalapo sizikanalowa. Akunena zoona, ndiye zikundipweteka.

Aphunzitsi anzanga a masamu alemba kuti kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kakang'ono ngati diso la singano, ukabaya pamenepo matenda onse amatha. Ndabaya ndi pini ya thewera. Matenda atha, pamodzi ndi china chilichonse. Rauta yaiwala dzina lake, yaiwala nambala yachinsinsi, mmmmm uja wapita. Koma abale!

Kuyambira leveni mpaka fili koloko: chulu, nyumba, chulu, nyumba. Mtsikana wakampani akunditchulira zilembo, ine ndikulemba padzanja ndi bolopeni, thukuta likufufuta. Pamapeto mmmmm wabwerera. Ndabwerera pomwe ndinali Lachitatu, koma ndasangalala ngati ndakhoza mayeso.

Ndagona pamphasa pafupi ndi katebulo, mwana pachifuwa. Ndikuganiza za mawu a bambo mmene angayendere. Kutsika mapiri a kwathu, kudutsa Salima, Nkhotakota, kuwoloka milatho yonse ija, kununkhiza nzimbe, kufika pa Kande atatopa, n'kupeza kabokosi kodzadza nkhungu. Ndikanakhala mawu ine ndikanabwerera.

Folo koloko, kunjenjemera kuja. Lero ndazindikira: ndi anyaMhone akusinja chinangwa. Ndasuzumira pawindo, mtondo uli chogona, mwini wake kulibe. Kaya, mwina wina akusinja kutsidya.

A Rute alemba: "Aimba?" Ndayankha: "Ayi, koma foni ili bwino kwambiri." Ndiwauze kuti siikulira, iwo akauze bambo, bambo anene kuti ankadziwa kale? Ayi ndithu. Ndikonza ndekha.

Lachisanu

Nzeru zatsopano! Ngati foni siikundiitana, ndiziipitira ndekha. Mphindi zisanu zilizonse ndinyamula chomvera n'kunena "Halo." Tsiku lina, ola lina, ndikawapeza bambo ali momwemo.

Sikisi koloko: Halo. Mmmmm.
Sikisi faifi: Halo. Mmmmm.
Seveni koloko: mawu ayamba kukoma, ndapeza "Halo" wa mayi wa nyumba ya malata.
Eyiti koloko: mwana kubere, chomvera kukhutu, phala pamoto.
Naini koloko: anyaMhone afunsa a Longwe ngati kwathu kuli matenda a mutu.
Hafu teni: ndayamba kumuyankha mmmmm uja. Ndamufotokozera za nkhungu, za mtengo wa sopo, za mmene Esinati amagwirira khutu lake akamagona, chimodzimodzi bambo akamawerenga nyuzi.
Thwelofu: mkono wafa. Ndasintha, mphindi makumi atatu zilizonse.
Thuu koloko: ndagona.

Ndalota foni yamera mizu pakatebulo, chingwe chake chatalika mpaka kumadzi, asodzi akuchikoka ngati khoka. Akukoka, akukoka, kumapeto kwake kukubwera bambo atakhala pampando wawo wa ndalema, jekete lili pamapewa, osanyowa ngakhale pang'ono. Akundiyang'ana n'kufunsa, "Kodi kuno mbatata mumalima?"

Chandidzutsa ndi katebulo. Folo koloko ndendende. Lero kanjenjemera kwambiri, moti foni yayamba kusendera kumphepete. Ndalumpha n'kuigwira ndi manja awiri, kukanikiza chomvera pamalo pake kuti chisagwe. Ndaikanikiza choncho mpaka zatha. Foni ya bambo isweke m'nyumba mwanga? Ndingafe.

Zitatha ndanyamula. Halo. Mmmmm.

Kwatsala masiku awiri. Ndikuopa, ndinene zoona. Mwina sadzaimba n'komwe, mwina anangofuna kuchotsa katundu m'kabati.

Loweruka

A Longwe akuti vuto ndi netiweki yochepa, belu limafuna mphamvu. Adula nsungwi yaitali, amangirira rauta kunsonga mu jumbo, chingwe chadzera pawindo. Tinyali tonse tayaka, tinayi! Ndathamangira pachulu. "Palibe, mama!" Khwangwala watera pansungwi. Tatsitsa.

Zina zomwe tayesa:
- kusintha soketi
- kupukuta mutu wa chingwe ndi spiriti
- kumasula tepi yakuda n'kutembenuza mawaya
- kuwatembenuzanso
- pemphero la apongozi, lalitali, m'Chitonga, dzanja lili pa rauta (kansalu katsopano kafika, kapinki)

Pa nkhomaliro a Longwe akuti, "Bwanji tingowauza alamu zoona? Kapena tikwere basi, tikawaone ada, bambo anuwo, ndi maso. Akandithamangitsa ndikadikira kumsewu." Ndawakalipira. Ndati iwo sakuwadziwa bambo, ndati zonsezi zinayamba ndi iwo. Angotola mbale n'kupita kukatsuka. Munthu wadula nsungwi m'mamawa chifukwa cha mkulu amene sanamupatsepo moni. Ndachita manyazi, koma sindinapepese.

Folo koloko katebulo kayamba. Kasiya. Kayambanso. Kasiya. Kachitatu kanjenjemera nthawi yaitali kuposa masiku onse, ine ndili chiimire kukayang'ana. Ndagwada n'kupeza kuti mwendo umodzi ndi waufupi pang'ono. Eyaa! Ndapinda chikuto cha kope n'kuika pansi pake. Kasiya pompo. Chinthu chimodzi chokha chomwe ndakonza sabata yonse.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Leveni koloko uthenga wa a Rute, ali kumudzi, apita kukaona bambo:

"Iwe, ukutani? Bambo akhala akuimba tsiku lililonse kuyambira Lachiwiri. Amavala jekete, amayenda mpaka pagolosale, amabwereka foni ya m'manja ya mwini golosale. Ya m'manja, bambo! Folo koloko, nthawi imene ankaweruka ku positi. Akuti imaitana mpaka kutopa. Dzulo ayesa katatu. Akuti amva, wasankha kusawayankha. Jekete apinda, aika m'sutikesi."

Folo koloko.

Ndakhala pansi. Ndayang'ana katebulo, ndayang'ana chikuto cha kope pansi pa mwendo wake. Lole ya matabwa. Chivomezi. AnyaMhone. Lachisanu lija bambo anali m'manja mwanga, ine n'kumawakanikiza kuti asagwe.

Ndatembenuza foni, ndamasula pansi pake ndi mpeni wa buledi. Mkati muli mabelu awiri ndi kanyundo pakati. Kanyundoko n'kokulungidwa ndi kansalu, kofinyidwa bwinobwino mbali zonse, ntchito ya munthu wodziwa. Kabuluu ka madontho oyera. Mpango wa amayi.

Ndakumbuka. Amayi atadwala, miyezi yomaliza ija, anthu ankaimba usana wonse kufunsa za matenda, belu n'kumawadzutsa. Bambo anati alikonza. Maliro atatha akuba anadula mawaya a m'dera lathu, foni n'kulowa m'kabati. Palibe anakumbuka kuchotsa, ngakhale mwini wake.

Ndalira kaye. Kenako ndachotsa kansalu, ndatuma a Longwe pachulu. Ngrrrrriiii! Ngrrrrriiii! Esinati wadzidzimuka n'kuyamba kukuwa, nkhuku zabalalika, apongozi ataya lichero, anyaMhone afika ndi thovu la sopo m'manja. Rauta inalibe mlandu chiyambire. Ndaipepesa, ndapepesanso a Longwe.

Ndajambula kansalu, ndatumiza kwa a Rute, ndalemba zoona zonse kuyambira Lachitatu. Yankho: "Ndawaonetsa. Ayang'ana nthawi yaitali. Alowa kuchipinda, atseka chitseko." Hafu fili: "Atuluka. Avala jekete. Akupita."

Ndavala diresi ija. Mwana ndamusambitsa. Apongozi akhala pamphasa, manja pamiyendo, ngati tikudikira alendo.

Kutatsala mphindi khumi kuti ikwane folo, magetsi azima.

Tinyali tonse thii. Ndanyamula chomvera, ngakhale mmmmm mulibe. Foni zakale zija magetsi akazima zinkalirabe, bambo ankanyadira zimenezo. Iyi yadalira kabokosi. A Longwe angovula nsapato n'kuthamangira kudoko kukatenga batire la nyale za usipa. Ndaima pakhonde. Folo koloko yakwana ndikuwaona patali, akukwera mumchenga, batire lili paphewa, akugwa n'kudzuka.

Ndabwerera mkati, ndaika chomvera chakufacho kukhutu, ndanena zomwe ndayeserera sabata yonse. Bambo, ndine. Ndili pakhomo. Mwanayu dzina lake ndi Esinati.

Alumikiza batire folo itapitirira ndi mphindi makumi awiri. Tinyali tayaka kamodzikamodzi. Tadikira mpaka faifi. Sinalire.

Chalowa ndi uthenga wa a Rute: "Abwerako. Akuti lero sinaitane n'komwe, ndiye si iwe, ndi magetsi, foni amaidziwa iwo. Akuti rauta n'chidole. Afunsa ngati mnyamata wa kunyanja uja sangapeze batire. Jekete sanabweze m'sutikesi, alikoloweka pamsomali kuseri kwa chitseko."

Mnyamata wa kunyanja uja wagona pakhonde, mchenga thupi lonse, akupumira m'mwamba. Ndamuwerengera uthengawo kawiri. Akuti batire likhale momwemo, usipa udikire.

Sabata yatha, sindinalankhule ndi bambo. Kansalu ka amayi ndachapa, ndayanika pawindo. Kapinki ka apongozi kabwerera pa rauta, ndatopa kulimbana nako. Chikuto cha kope ndachotsa pansi pa mwendo, katebulo kanalibe vuto.